Mtsuko Wathu Unaphulika M'ng'anjo

Amayi anga amakhulupirira dongo kuposa mwana wawo. Sindikuphiphiritsa ayi. Dongo linawauza kuti ndimagona ndi amuna, ine ndinawauza kuti sindigona nawo, iwo n'kusankha dongo.

Ndinabwera ku Glasgow ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anali atakhala kale kuno, akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kusambitsa azungu amene ana awo anatopa nawo. Ine anandisiya ku Dedza kwa akulu awo. Tsiku limene ndinafika anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Wada bwanji." Moni wake anali ameneyo. Tinkakhala ku Gorbals, m'fulati ya pamwamba imene mawindo ake ankatuluka thukuta nyengo yonse yozizira.

Sukulu ndinayamba kuijomba patapita zaka zingapo. Chifukwa chachikulu panalibe. Ndinatopa ndi ana ondifunsa ngati kwathu timavala nsapato, ndinatopa ndi aphunzitsi ondilankhula pang'onopang'ono ngati ndine gonthi. M'mawa ndinkavala yunifolomu, kukwera basi, kukatsikira m'tauni n'kumazungulira m'masitolo mofunda mpaka nthawi yoweruka. Akusukulu atawaitana amayi n'kuwauza, iwo anafika kunyumba osavula n'komwe jekete.

"Ine ndikupukuta matako a anthu kuti iwe uphunzire. Ukandichititsanso manyazi kamodzi kokha, utuluka m'nyumba muno. Wamva?"

Ndinamva. Amayi anga saopseza. Ndipo m'dziko lonseli ndinalibe khomo lina logogoda.

Amene anatitumiza ku dongo anali mayi wina wa kusukulu, wa ntchito yoyanjanitsa ana opulupudza ndi makolo awo. Pa holo ina ya m'dera lathu, Loweruka lililonse m'mawa, kholo ndi mwana ankaumba chinthu chokumbutsa kwawo, ndipo pamapeto zoumbazo zinkayenera kuikidwa pathebulo kuti anthu adzaone. Kwa ine zinali zachibwana. Amayi anavomera chifukwa amaopa mzungu aliyense wokoloweka chitupa pakhosi.

Tinalipo ochepa. Mphunzitsi wake anali mayi wa konkuno, wa imvi, manja okakala ngati a mlimi. Pafupi ndi ife pankakhala bambo wina wa ku Amereka amene anabwera kudzaphunzira ku yunivesite, ndi kamwana kake kakakazi kogweluka mano. Anati iwo ndi a mtundu wa Chickasaw, eni nthaka a kumeneko amene anasamutsidwa mokakamiza kalekale. Iyeyo kuumba sankakudziwa. Ankaphunzira limodzi ndi mwanayo, kumamuuza kuti makolo awo ankasinja zigoba za nkhono za mumtsinje n'kusakaniza ndi dongo. Ankaumba kambale, kakaphwasuka ankaseka onse awiri, n'kuyambiranso. Ndinkadana nawo chifukwa cha kusekako.

Amayi atamva za zigobazo anatembenuka. "Ifenso timasinja mapale," anatero, m'Chichewa, osayang'ana aliyense. Kenako anavula wotchi.

Gudumu lozungulira limene mphunzitsi anawaonetsa analikana. Anamanga chitenje pamwamba pa thalauza, kukhala pasimenti, kutambalala. Anakanda dongo ngati linawalakwira. Analiboola pakati ndi chibakera n'kuyamba kulikoka m'mwamba, dzanja lina mkati, lina kunja, akulizunguliza pa mbale yakale imene anapempha ku khitchini ya paholopo. Likachepa ankapota lina ngati chingwe n'kuwonjezera pamlomo. Anthu onse anasiya zawo. Sindinkadziwa kuti amayi anga amadziwa china chilichonse kupatula kugwira ntchito, kupemphera ndi kukalipa.

"Amayi anga ankaumba mitsuko yogulitsa pamsika," anatero. "Ine ndinkasenza dongo kuchokera kudambo mpaka khosi kulowa m'mapewa. Bweretsa dzanja."

"Zindidetsa."

"Bweretsa dzanja, mfumukazi."

Analigwira n'kulilowetsa mkati mwa mtsukowo, lawo lili kunja. "Usakanikize. Tsata langali." Ndinkamva zala zawo kudzera m'dongo lonyowalo, zikuyenda, zanga zikuzilondola. Chibwerereni ku Glasgow anali asanandigwirepo dzanja osati pondikoka kapena pondimenya. Sindinganame kuti sindinamve kanthu. Masabata amenewo sukulu sindinajombe ngakhale tsiku limodzi.

Amayi anachita nazo khama zedi. Anagula chimanga chachiwisi ku sitolo ya Amwenye, tinadya, chitsononkho chake n'kuchiumitsa pa hita yotenthetsera m'nyumba kuti tizipalira nacho mtsuko. M'munda wa maluwa wa kuntchito kwawo anatolako mwala wosalala wokulungizira, nkhulungo, n'kubwera nawo m'thumba la yunifolomu. Mtsukowo unakula mpaka kundifika m'mawondo. M'khosi mwake anandilola kulemba mizere ndi kamtengo kotokosera mano. Ina inakhota, koma sanandikalipire. Anangoti, "Ya agogo akonso inkakhota akamwa."

Mwambo wake anandiuza tikubwerera kunyumba Loweruka lachiwiri, mvula ikutimenya cham'mbali.

"Mbiya isanaotchedwe, woumba sayandikira mwamuna. Amakhala wozizira. Wotentha akaigwira imasweka pamoto."

"Wotentha ndi ndani?"

"Usadzipusitse. Amene wagona ndi mwamuna. Ngakhale ukakhala kumwezi undiuze, usaugwire."

Ndinaseka. "Amayi, ng'anjo yake ndi yamagetsi."

"Dongo ndi dongo."

"Inu si a tchalitchi kodi?"

"Tchalitchi chinayamba liti kuumba mbiya? Yenda, tikunyowa."

Apa ndiyenera kunena za ankolo. Sanali m'bale wathu. Anali mkulu wa mpingo wathu, woyendetsa galimoto yonyamula katundu, mkazi wawo ali ku Blantyre kudikira zoti abwere. Ankabwera kwathu kudzakonza zinthu, lero mpopi, mawa chitseko cha kabati. Fulati yathu inali yatsopano koma inkawonongeka Lachitatu lililonse, tsiku limene amayi sapita kuntchito. Anandiuza kuti ndiziwatchula ankolo, ndipo ndinkawatchula.

Lachitatu lina, mtsuko wathu uli pashelefu ya ku holo kudikira moto, anatiweruza masana chifukwa mapaipi a kusukulu anaphulika. Nditatsegula chitseko cha kwathu ndinapunthwa pa nsapato zawo, zofiirira, zopendekeka kuchidendene. Jekete lawo linali pampando. Chitseko cha kuchipinda kwa amayi chinali chotseka, nyimbo za kwaya zikulira mokweza ngati pali maliro. Sizinkabisa zonse. Ndinazisanja bwinobwino nsapatozo, kutuluka, kukakhala pokwerera basi mpaka nthawi yanga yofikira kunyumba itakwana. Sindinanene kanthu. Thupi ndi lawo. Za mtsuko sindinaziganizire n'komwe, chifukwa ine mwambowo sindinkaukhulupirira.

Tsiku loonetsa zoumba litayandikira, mphunzitsi anagogoda mtsuko wathu ndi chala n'kupukusa mutu. Anati pansi pake ndi pochindikala kwambiri, sipanaume, tiusiye kaye, tidzautenga ukapsa ngakhale chionetsero chitadutsa. Amayi anakana. Anali ataitana kale amayi a ku tchalitchi kuti adzaone ntchito ya manja awo ndi mwana wawo amene wasintha. Anachonderera, anaumirira, mphunzitsiyo n'kugonja.

Tinaupeza m'katoni. Loweruka lomalizalo titalowa mu holo, zoumba za anzathu zinali pathebulo, kambale ka bambo wa ku Amereka uja kali patsogolo, kokhota koma kathunthu. Mphunzitsi anatiitanira pambali. M'katonimo munali mapale okhaokha. Khosi lija la mizere yanga linaduka patatu. Anafotokoza kuti chinyezi cha pansi paja chinasanduka nthunzi, nthunziyo inasowa potulukira, mtsuko n'kuphulika. Anapepesa kuti sanalimbe mtima kutikaniza. Amayi anamuthokoza m'Chingerezi chawo cha kuntchito, chofewa ngati thonje. Akumwetulirabe choncho anatembenukira kwa ine.

"Ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Mwamuna wake."

Ndinaganiza kuti akuseka. Analoza kuthebulo ndi chibwano. "Taona kambale ka kamwana kaja. Kali bwinobwino. Mwana wozizira ameneyo."

"Amayi, mwamva zimene wanena mphunzitsi."

"Mzungu angandiuze chiyani za mbiya? Nyamula katoniyo."

Anaimbira amayi a ku tchalitchi kuti asavutike kubwera ku holo, abwere kunyumba mawa lake tikatuluka m'tchalitchi, pali nkhani. Ine ndinanyamula katoni njira yonse, mapale akulira pa sitepe iliyonse. Madzulo ndikuphika ndiwo ndinatambasula dzanja kuti ndithire mchere, anandimenya padzanja mpaka mchere kumwazika.

"Ukufuna undiphe ndi mdulo? Munthu wotentha sathira mchere m'nyumba mwanga."

Zoona zake n'zakuti ndinali ndisanapsopsonedwe n'komwe. Mnyamata yekhayo amene ankandilankhula mu Glasgow monse anali wogulitsa tchipisi, ndipo ankangondifunsa ngati athire viniga. Ndinawauza zimenezo. Ndinalumbira. Anati mbiya sinama, munthu ndiye amanama.

Lamulungu masana anabwera amayi atatu. Wotsogolera anali nesi wa kuchipatala chachikulu, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, amene tonse tinkawatchula anti aakulu. Awiri enawo anabwera kudzavomereza ndi kudya mandasi. Anakhala pasofa. Ine anandiyalira chitenje pansi kuti ndigwade. Katoni ya mapale anaiika pathebulo, pakati pa makapu a tiyi.

"Mwana wanga," anayamba anti aakulu, "ife si adani ako. Tingofuna dzina. Ndi mzungu?"

"Palibe, anti."

"Ndi wa ku Nigeria ameneyo," anatero wina wa awiri aja, mandasi ali kukamwa. "Amanunkhira bwino anyamata amenewo."

Anaseka. Amayi sanaseke.

"Ine za mbiyazi sindizitsata," anatero anti aakulu, "ndine munthu wa chipatala. Koma mayi amadziwa mwana wake. Ana okulira kuno mumatsegula miyendo musanadziwe kutsuka kabudula wamkati. Imirira."

Anatulutsa m'chikwama kachipangizo koyezera mimba. Ananditumiza kuchimbudzi n'kuimirira pakhomo, chitseko chili chotsegula, kuti ndisathire madzi a pampopi. Ndinakodza akundiyang'ana mayi amene Lamulungu lililonse amatsogolera pemphero. Ananyamula kachipangizo kaja ndi tishu n'kukaika pambali pa katoni. Tonse tinadikira. Mimba inalibe.

"Kusakhala ndi mimba si kusagona," anatero wina uja. "Kuno mapilitsi amawapatsa kusukulu ngati maswiti."

Ndinagwadanso. Anandilangiza za thupi la mkazi, za kachisi wa Mulungu, za atsikana ena a ku Springburn amene anamaliza m'manyazi. Ndinkangoyang'ana kapeti. Ndinali nditatsimikiza kupirira. Ndikanapirira, iwo akanatopa, akanapemphera n'kumapita, ine n'kukagona pabedi langa. Nsapato zija ndinkazikumbukira, koma ndinali nditazimeza.

Kenako amayi analankhula. Anatola phale la m'khosi, la mizere yanga, n'kulionetsa kwa amayiwo.

"Ndinamugwira dzanja mwana ameneyu. Ndinamuphunzitsa ntchito ya amayi anga, ine osadziwa kuti ndagwira dzanja la hule. Ndikanamusiya ku Dedza komweko akanakhala ndi ana atatu pano, osandinyazitsa kuno. Ndimanyansidwa ndikakumbukira kuti ndinamukhudza."

Akanati hule pokha ndikanawasiya. Koma anatenga chinthu chimodzi chokhacho chimene ndinali nacho cha iwo n'kuchipukutira pansi.

"Mtsuko uja tinaumba awiri," ndinatero.

"Khala chete."

"Mwambo wake umagwira mwana yekha? Lachitatu lija mapaipi anaphulika kusukulu ndinabwera masana. Pakhomo panali nsapato za ankolo, zofiirira zija zopendekeka. Ndinazisanja ndine. Munatseka chitseko, munakweza kwaya, koma bedi lanu limalira kuposa kwaya. Mtsuko unali usanaotchedwe."

Nsapato zimenezo aliyense mumpingo ankazidziwa, chifukwa mwini wake ndiye ankayenda ndi mbale ya chopereka, ndipo munthu ukaweramitsa mutu popemphera umaona nsapato. Anti aakulu anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Akulu a mpingo aja?" anafunsa wa mandasi uja, mawu ake atadzaza chimwemwe chimene analephera kubisa.

"Mwana akunama," anatero amayi. Phale lija linali likadali m'manja mwawo.

"N'kutheka," anatero anti aakulu, akutola chikwama. "Tiyeni amayi, tikapemphere nazo kunyumba."

Sanamalize tiyi. Ndinawamva akutsika masitepe, ndipo asanafike pansi wina anali atayamba kale kuimba foni.

Ndinadikira khofi. Silinabwere. Amayi anapita kukhitchini, kutenga majumbo akuda otayira zinyalala, kulowa m'chipinda changa. Anapinda zovala zanga chimodzichimodzi, mosamala ngati akulongedzera mwana wopita ku sekondale yogonera. Yunifolomu anaiika pamwamba. Anasanja majumbowo pakhomo, pamalo pomwe panali nsapato paja.

"Ndinakuuza kuti kamodzi kokha."

"Munayamba ndinu."

"Makiyi."

Ndinawapatsa. Ndinakwera basi ya ku Springburn ndi majumbo awiri, kwa mtsikana wina wa m'kalasi mwathu amene mayi ake anandilola kugona pasofa. Pambuyo pake a zosamalira anthu anandipezera kachipinda m'nyumba ya achinyamata osowa kokhala. Sukulu sindinabwerereko. Ndinalibe woti ndimusangalatse nayo. Pano ndimatsuka mbale m'kafe ina ku Shawlands, manja m'madzi otentha tsiku lonse, ndipo ndikaswa kapu palibe amene amandifunsa kuti ndagona ndi yani.

Ankolo anawaimitsa pa udindo wawo mumpingo kwa kanthawi. Mkazi wawo anafika kuchokera ku Blantyre, anakhululuka pamaso pa mpingo, ndipo ndikumva kuti mbale ya chopereka anawabwezera. Amayi ndiwo anachoka. Amapemphera ku tchalitchi china cha Pentekosite kumene kulibe Amalawi ambiri. Ine kwa anthu akwathu kuno ndine mtsikana uja anavula mayi ake pagulu. Akandiona m'basi amayang'ana pawindo. Zoti ndinakodzetsedwa chitseko chili chotsegula palibe amene amazitchula.

Chaka chatha ndinakumana nawo amayi m'sitolo yogulitsa zakudya za ku Africa. Ndinali pamzere ndi paketi ya usipa. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Waonda bwanji."

"Muli bwanji, amayi?"

Anandikokera kuseri kwa matumba a mpunga. Anali atakalamba, imvi zikutuluka pansi pa duku, ndipo zala zawo pamkono panga ndinazizindikira nthawi yomweyo.

"Bedi lako lilipobe," anatero chapansipansi. "Sindinaikepo kanthu."

Mtima wanga wopusawu unadumpha.

"Tipite kwa anti ako aakulu, iwe ndi ine. Ukawauze kuti za nsapato zija unapeka chifukwa cha mkwiyo. Ukatchule mnyamata wako. Basi. Tsiku lomwelo ubwerera kunyumba."

"Mnyamata wake uti?"

"Aliyense. Wa kusukulu. Mzungu, sadzamufufuza."

Ndinawayang'ana m'maso kuti ndione ngati tsopano akudziwa kuti kunalibe. Ankadziwa. Mwina ankadziwa kuyambira tsiku la katoni lomwe lija, ndipo ankangofuna wina woti asenze mapalewo iwo asanafunsidwe.

"Ndiye ndikhale hule kuti inu mubwerere ku tchalitchi chanu."

"Ndiwe mwana. Anthu amaiwala za ana. Ine ndikalamba ndi dzina limeneli."

"Ine mphunzitsi uja ndinamumva, amayi. Pansi panali pochindikala. Mukanadikira."

Anandisiya mkono. "Wauma mtima ngati bambo ako."

Anatola basiketi yawo n'kukaima pamzere, patsogolo panga. Ndinaima kumbuyo kwawo, ndikuyang'ana mfundo ya duku lawo, mpaka analipira n'kutuluka osacheuka. Wogulitsa anandifunsa ngati mayi amenewo ndimawadziwa, chifukwa aiwala ambulera pakauntala. Ndinati awasungire, abweranso okha.